Akuti muli ndi mono: chochita kuyambira lero mpaka tsiku lobwerera m'bwalo

Pa ntchito yanga ya unesi ndimakumana ndi achinyamata ambiri, ndipo pali funso limodzi limene ndaliyankha mpaka m'kamwa kuuma. Munthu wa zaka 17 kapena 21 watuluka mwa dokotala ndi kapepala kolembedwa mawu aatali oti infectious mononucleosis. Ena amafupikitsa kuti mono, ena amati glandular fever. Iye zimene wagwirapo n'zoti akapume ndipo azimwa madzi ambiri. Kufika pakhomo mafunso ali mbwee: ndichira liti, bwanji sanandipatse mankhwala enieni, chibwenzi changa ndikachiuze chiyani, nanga mpira wa Loweruka? Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wina akadzafunsa ndizingomulozera pano.

Matendawa nthawi zambiri amabwera ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, mwachidule EBV. Mawu oti kachilombo asakudumphitseni mtima. Ndikudziwa kuti munthu akangomva zoti "wapezeka ndi kachilombo" maganizo amathamangira ku HIV, koma aka n'kena, ka m'banja limodzi ndi kamene kamayambitsa katsabola. Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong ndi amene anakaona koyamba ku London mu 1964. Zoti n'kamene kamayambitsa mono zinatsimikizika mu 1968 ku Philadelphia, mayi wina wogwira ntchito mu labotale ya Werner ndi Gertrude Henle atadwala: magazi ake amene kale analibe chizindikiro cha kachilomboka anapezeka nacho atachira.

Mwa akuluakulu 10 alionse padziko lapansi, 9 kapena kuposerapo anakatengapo kale. Ambiri amakatenga ali ana, n'kungodwala ngati chimfine kapena osadwala n'komwe. Amene kawapeza atakula, makamaka a zaka 15 mpaka 24, thupi lawo limakalandira ndi nkhondo. Asilikali a m'thupi amachulukana, amadzadza pakhosi, m'khosi, m'chiwindi ndi m'kapamba, ndipo ululu wambiri umene mukumvawo ukuchokera ku nkhondo imeneyi.

1. Onetsetsani kuti ndi monodi

Zizindikiro zake zazikulu ndi zinayi: kutentha thupi, zilonda zapakhosi zowawa koopsa, mwanabere, ndi kutopa kosasimbika. Mwanabere ndi timibulu tija timatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche thupi likamalimbana ndi matenda. Pa mono timakonda kutupa cha kumbuyo kwa khosi. Ena amadzuka zikope zitatupa, ena tinyama tiwiri ta kumbuyo kwa m'kamwa, tija ambiri amati matonsilo, timakula n'kuchita zoyerayera ngati mafinya.

Vuto n'lakuti pali matenda ena obwera ndi nkhope yomweyi. Mabakiteriya a strep amachita zilonda zapakhosi zofanana. Kachilombo kena kotchedwa CMV kamachita chimodzimodzi. HIV nayo, pa masabata oyambirira munthu atangoitenga, imatha kuoneka ndendende ngati mono. Ngati pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi munagonana ndi munthu osadziteteza, muuzeni dokotala mosabisa ndipo pemphani kuyezedwa. Palibe chochititsa manyazi, ife timazimva tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati mumakhala kapena munapita kudera kumene kuli malungo, kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa malungo kaye.

Kuyeza kwake n'kwa magazi. Amawerenga maselo oyera n'kuona ngati achuluka komanso ngati ena asintha maonekedwe. Pali kuyeza kwina kwachangu kotchedwa Monospot, koma m'sabata yoyamba kumatha kusonyeza kuti mulibe pamene muli nawo, mwa odwala anayi mmodzi zimamuchitikira. Akakuuzani kuti sanapeze kanthu koma zizindikiro zikupitirira, bwererani pakatha sabata akayezenso.

2. Lembani tsiku limene munayamba kudwala

Tsiku lofunika ndi limene thupi linayamba kutentha kapena pakhosi panayamba kuwawa. Limene munapita kuchipatala likhoza kukhala lachisanu kale. Lilembeni mu foni kapena pakapepala, chifukwa masiku onse amene nditchule m'munsimu awerengedwa kuchokera pamenepo.

3. Mankhwala: omwa ndi osamwa

Palibe mankhwala opha kachilomboka, ndipo katemera wake sanapezeke. Dokotala amene wakubwezani chimanjamanja sanakunyozeni.

Chimene mungachite ndi kuchepetsa ululu ndi kutentha thupi. Paracetamol, amene ambiri timangoti panado, amathandiza. Munthu wamkulu asapyole magalamu 4 pa maola 24, ndiye kuti mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo wochepa thupi kapena wa zaka zochepa amwe ochepera apo monga mwa malangizo a dokotala. Samalani pano: mankhwala ambiri a chimfine amakhala kale ndi paracetamol m'kati. Mukaphatikiza osawerenga pabokosi mumwa mopyola muyeso, pamene chiwindi chanu chili kale pa ntchito yolemetsa. Ibuprofen, uja timati bulufeni, nayenso amathandiza pakhosi, koma muzimwa mutadya kanthu. Asipulini asapatsidwe kwa aliyense wosakwana zaka 16 amene akudwala matenda a kachilombo, chifukwa angayambitse vuto loopsa la ubongo ndi chiwindi lotchedwa Reye.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'cha maantibayotiki. Pakhosi pakawawa, wina m'nyumba amatulutsa makapisozi a amoxicillin otsala pa matenda ena. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, pa EBV sagwira ntchito. Choonjezera apo, amoxicillin ndi ampicillin akamwedwa ndi munthu wa mono amatha kutulutsa zidzolo: patapita masiku angapo thupi lonse lili psuu, kuyabwa kosagonetsa. Zikakuchitikirani, siyani n'kukaonetsa. Kawirikawiri sizitanthauza kuti thupi lanu lidzadana ndi mankhwalawa moyo wonse, koma zimenezo aweruze ndi dokotala. Milomo kapena nkhope ikatupa, kapena mpweya ukamavuta, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Akapeza kuti muli ndi strep pamwamba pa mono, dokotala adziwa mankhwala oyenera kusankha.

Mowa usiyeni. Odwala mono ambiri chiwindi chawo chimatupa pang'ono iwo osadziwa, ndipo chimachira chokha mukachipatsa mpata wa masabata angapo.

4. Kudutsa masiku a pakhosi

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ndiye zowawitsa. Kumeza malovu enieniwo kumakhala ngati mukumeza magalasi. Imwani mankhwala a ululu mphindi 30 musanadye, kuti chakudya chipeze njira. Sankhani zofewa ndi zamadzimadzi, zozizira kapena zofunda pang'ono. Madzi muzimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo mkodzo ndi umene ukuuzeni ngati akukwana: ukakhala wochepa ndi woderapo, onjezerani. Kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere pa kapu imodzi kumapepuza. Pogona ikani mapilo awiri mutu ukwere.

Pitani kuchipatala osadikira kuche ngati mukulephera kumeza ngakhale malovu mpaka akuchucha, ngati mpweya ukuvuta kapena ukulira pokoka, ngati mwatha tsiku osakodza, ngati maso asanduka achikasu, kapena ngati mutu ukuwawa modabwitsa, khosi lauma, mukusokonezeka. Pamene pakhosi patupa mpaka kutseka njira ya mpweya m'pamene madokotala amapereka mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid. Pa mono wamba safunika.

5. Kapamba

Mawu oti kapamba amatchulidwa pa ziwalo ziwiri, ndiye timvetsetsane. Sindikunena kaja kamatulutsa insulin, kotchulidwa pa matenda a shuga. Ndikunena kamene achipatala amati spleen, kachiwalo kofewa kokula ngati chibakera, kobisala kumanzere pansi pa nthiti. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kusunga asilikali a m'thupi. Pa odwala mono, pafupifupi theka kapamba amatupa. Akatupa, chikopa chake chimapyapyala ndipo amasuzumira kunsi kwa nthiti kumene kulibe chomuteteza. Chigongono cha mnzanu pa mpira, kugwa pa njinga, kapena kudzikakamiza ponyamula cholemera kungamung'ambe, magazi n'kumatayikira m'mimba osaoneka kunja.

Sizichitikachitika. Mwa odwala 1,000 zimagwera pakati pa mmodzi ndi asanu. Koma zikachitika munthu amafunika chipatala chachikulu mwamsanga, nthawi zina opaleshoni. Zambiri zimachitika m'masabata atatu oyamba, zochepa zimafika mpaka sabata yachisanu ndi chitatu.

Mnyamata wina wa pagolo anabwera kwa ine tsiku la 12, nsapato za mpira zikusuzumira m'chikwama. Pakhosi panali patapola, thupi litazizira, ndipo ankafuna kalata yoti akasewere. "Anesi, ine ndachira, taonani," anatero akudumphadumpha pamaso panga. Ndinamukhazika pansi n'kumufunsa kuti wa pagolo akamadumphira mpira amagwera mbali iti ya thupi. Anayang'ana nthiti zake, n'kukhala chete. Kalatayo sindinalembe, ndipo anatuluka atakwiya.

Chimene anthu samvetsa n'chakuti kapamba wotupa sapweteka nthawi zonse. Mukhoza kumva bwinobwino iye akadali wotupa. Musamadzisindikize pamimba kuti muone, ndipo musalole mnzanu kutero. Ngakhale dzanja la dokotala silimupeza nthawi zonse, ndipo sikani imodzi siithetsa nkhani chifukwa kukula kwa kapamba kumasiyana munthu ndi munthu. N'chifukwa chake timadalira kalendala.

Masabata atatu oyamba: kuyenda basi. Osathamanga, osanyamula zitsulo kapena katundu wolemera, osagwetsana ngakhale mocheza. Kudzimbidwa nako kupeweni, poti kudzikakamiza m'chimbudzi kumapanikiza m'mimba. Akatha masabata atatu, ngati thupi silikutenthanso ndipo mphamvu zabwerako, yambani zopepuka zosagundana ndi munthu. Masewera ogundana monga mpira, rugby, nkhonya ndi basketball adikire osachepera mwezi wathunthu, ndipo dokotala avomereze kaye. Ena amakudikiritsani mpaka masabata asanu ndi atatu, musakangane nawo.

Loweza izi, muuzenso amene mumakhala naye: kupweteka kwadzidzidzi kumanzere pamwamba pa mimba, ululu wokwera paphewa lakumanzere, chizungulire poimirira, mtima kuthamanga, thukuta lozizira. Zikatero pitani kuchipatala pompopompo ndipo mawu oyamba pofika akhale akuti "ndili ndi mono." Zimatha kuchitika ngakhale simunagundidwe ndi chilichonse.

6. Pakhosi papola koma thupi likukana

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "pumulani" n'kudutsa, chonsecho ndi pamene achinyamata ambiri amagwa mphwayi. Kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi zimatha pa masabata awiri mpaka anayi. Kutopa kumatsalira. Kwa ambiri kumatha pa mwezi umodzi kapena iwiri, koma pafupifupi mmodzi mwa 10 amakhala akukumvabe pakatha miyezi 6.

Kutopa kwake n'kwachilendo. Mwagona maola khumi, mwadzuka, mwasamba, ndipo kusambako kwakumalizani. Mukuwerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu. Kunja mukuoneka bwino, ndiye anthu ayamba: ndi ulesi, akuthawa mayeso, wazolowera kugona. Mapeto ake inunso mumayamba kudzikayikira.

Pali maenje awiri. Loyamba ndi kugona tsiku lonse kwa masabata. Thupi likangosiya kutentha, kukhalitsa pabedi sikufulumizitsa kuchira. Minofu imafooka, tulo ta usiku timasokonekera, mtima umatsika. Dzenje lachiwiri ndi tsiku labwino. Mtsikana wina anadzuka m'sabata yachisanu akumva kupepuka, n'kuganiza zobweza ngongole yonse tsiku limodzi: anachapa, anakopera manotsi a masabata atatu, madzulo n'kupita kokacheza mpaka usiku. Masiku awiri otsatira sanadzuke. Anabwera akulira kuti matenda abwerera. Sanabwerere, anangodya mphamvu za masiku atatu pa tsiku limodzi.

Njira imene ndimawapatsa ndi iyi. Pezani kaye muyeso umene thupi likulola ngakhale pa tsiku loipa, kaya ndi kuyenda mphindi khumi ndi kuwerenga theka la ola. Chitani zomwezo tsiku lililonse, labwino ndi loipa lomwe. Pa tsiku labwino lekezani mphamvu zikadalipo, ngakhale mtima ukufuna kupitiriza. Woweruza ndi mawa lake: mukadzuka muli monga dzulo kapena bwinoko, muyesowo ndi wabwino, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi onjezerani pang'ono. Mukadzuka muli lefu, bwererani pa muyeso wakale kwa masiku angapo. Muzionjezera chinthu chimodzi pa nthawi. Mukaonjezera sukulu ndi masewera sabata imodzi, simudziwa chimene chakugwetsani.

Kumbukirani kuti mutu nawo umadya mphamvu. Maola atatu pa foni, phokoso la gulu la anzanu, kukangana ndi munthu, zonsezi zimachotsa m'thumba lomwelo. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Tulo ta masana tikhale tatifupi, tosapitirira theka la ola kapena ola, ndipo tisafike madzulo. Lembani mizere iwiri usiku uliwonse: ndachita chiyani, ndikumva bwanji. Kuchira kwa mono kumayenda mozemba moti simukuona tsiku ndi tsiku, koma mukawerenga za masabata awiri apitawo mudzaona kuti masitepe amene ankakupumitsani kawiri tsopano mukukwera osaima.

Za sukulu kapena ntchito musadikire kuti zinthu ziwonongeke kaye. Pemphani kalata ya dokotala msanga, ndipo pokalankhula ndi aphunzitsi kapena abwana pitani ndi pempho lomveka. Mawu oti "ndikudwala" amangobweretsa chisoni. Mawu oti "ndikupempha kubwera theka la tsiku kwa masabata awiri, ndiponso kuti tsiku lopereka ntchito iyi lisunthidwe" amabweretsa yankho. Sankhani maphunziro awiri kapena atatu amene simungawataye, enawo muwathamangire pambuyo. Makolo kapena amene mumakhala nawo awerengetseni gawo lino, chifukwa mawu a ulesi aja amapweteka kwambiri akachokera m'nyumba.

Ndiponso mtima. Kukhala mwezi anzanu akupita patsogolo inu muli chigonere kumabweretsa chisoni, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Koma chisonicho chikakhazikika masabata awiri, osafuna kuona munthu, osakondwa ndi chilichonse, kapena mukayamba kuganiza zodzivulaza, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira ndiponso wachipatala tsiku lomwelo.

7. Chibwenzi, anzanu a m'chipinda, ndi funso loti wandipatsira ndani

Kachilomboka kamayenda m'malovu, n'chifukwa chake ena amawatcha matenda a kupsompsonana. Dzinali limachititsa manyazi pachabe, poti botolo la madzi, kapu, supuni kapena mswachi wobwerekana zimakwanira.

Kusaka amene anakupatsirani n'kutaya nthawi. Kuchokera pamene mwatenga kufika pamene mwayamba kudwala pamapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Komanso aliyense amene anakatengapo, ngakhale ali mwana, amakatulutsa m'malovu mwa apo ndi apo moyo wake wonse iye ali bwinobwino. Choncho kudwala kwanu si umboni woti chibwenzi chanu chikuyenda njira ziwiri. Ndaona zibwenzi zikutha pa mlandu umenewu popanda wolakwa.

Simufunika kutsekeredwa m'chipinda chanokha. Kachilomboka sikauluka ngati chimfine, ndipo ogona nawo chipinda chimodzi satenga kawirikawiri. Pamene mukudwala lekani kupsompsona, ziwiya zanu zikhale zanu, sambani m'manja. Mukachira kamatsalabe m'malovu kwa miyezi, nthawi zina kupyola chaka, ndiye palibe tsiku limene munthu angakuuzeni kuti lero mwayera. Chilungamo ndi kumuuza mnzanuyo zoona. Mwayi waukulu ndi woti anakatenga kalekale. Amene muyenera kusamala naye kwambiri ndi munthu amene chitetezo chake chili chofooka, monga amene anaikidwa chiwalo cha munthu wina kapena akulandira mankhwala a khansa. Mukafuna kupereka magazi, auzeni kuti munadwala mono, akudikiritsani miyezi ingapo.

8. Zimene mupeze pa intaneti usiku

Ndikudziwa kuti mufufuza, ndiye bola mumve kwa ine. Muwerenga kuti EBV imakhudzana ndi khansa ina monga Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt anaifotokoza mwa ana ku Uganda mu 1958, ndiponso ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Kafukufuku wamkulu wa mu 2022 pa asilikali a ku America oposa 10 miliyoni analimbitsa mfundo yachiwiriyi. Zonsezo n'zoona. Koma bwererani ku chiwerengero chija: pafupifupi munthu wamkulu aliyense amene mwakumana naye lero ali ndi EBV m'thupi, ndipo ochuluka zedi sadzadwala matenda amenewa. Kachilomboka kamakhala phee m'maselo ena oyera moyo wonse, chitetezo chanu chikukalondera, ndipo kudwalanso mono kachiwiri n'kosowa kwambiri.

Chimene ndikufuna muziyang'anira n'chapafupi. Thupi likamatenthabe kupyola masabata awiri, kapena likazizira n'kuyambiranso, bwererani. Kutopa kukafika miyezi itatu osasintha, bwererani akaone ngati palibe china monga kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro. Mwanabere amachedwa kuphwa, masabata angapo si nkhani. Koma amene akukulirakulira, wolimba ngati mwala, kapena wobwera ndi thukuta lonyowetsa zofunda usiku ndi kuonda, mukamuonetse kwa dokotala, ndipo potuluka m'nyumba musaiwale kapepala kaja munalembapo tsiku loyamba.